Mbiri ya Kagawidwe ka Mbalame za Toutouwai ku New Zealand

M'nkhalango za ku New Zealand mumakhala kambalame kotuwa moderako, ka miyendo yaitali, kamene Amaori amakatcha toutouwai, ndipo Azungu amene adakhazikika m'dzikolo adakatcha robin ngakhale kuti sikali pachibale chapafupi ndi robin wa ku Ulaya. Katswiri wa ku Sweden, Anders Sparrman, adalemba za mbalame ya pa chilumba cha South Island mu 1788, ndipo m'zaka zotsatira padabuka funso loti kodi mbalame za pa zilumba zitatu zikuluzikulu za dzikolo ndi mtundu umodzi kapena ndi mitundu yosiyana.

Mu 1950 Charles Fleming, atayerekeza kukula kwa mbalamezi ndi maonekedwe a nthenga zake, adagamula kuti zonse ndi mtundu umodzi, Petroica australis, wokhala ndi nthambi zitatu. Nthambi ya mtundu ndi gulu lokhala kudera kwakekwake, losiyana pang'ono ndi linzake m'maonekedwe, koma lotha kuswana nalo zitakumana. Nthambi ya pa Stewart Island adaitcha rakiura, potengera dzina la Chimaori la chilumbacho, ndipo chigamulo chakechi chidatsatidwa kwa zaka zoposa 50.

Zinthu zidasintha mu 2006 pamene Hilary Miller ndi David Lambert adayeza DNA ya mitochondria, imene cholengedwa chimatengera kwa mayi wake yekha, napeza kuti mbalame za ku North Island zidapatukana ndi zinzake kalekale, pomwe za ku Stewart Island sizisiyana kwenikweni ndi za ku South Island. Izi n'zomveka, chifukwa m'nyengo yomaliza ya madzi oundana nyanja idatsika ndi mamita oposa 100, kotero kuti pamene lero pali mpata wa Foveaux Strait padali mtunda wolumikiza zilumba ziwirizo. Ndandanda wa mbalame za dzikolo wa mu 2010 udavomereza mbalame za ku North Island kukhala mtundu woima pawokha, Petroica longipes.

Dzina la rakiura silidafufutidwe, ndipo mpake, pakuti gulu lokhala ndi dzina lakelake ndilo limene oteteza zachilengedwe amaliwerenga ndi kulisamala padera. Makoswe ndi amphaka olusa obwera ndi anthu adalichepetsa kwambiri gululi, mpaka mu 2000 mbalame zina zidasamutsidwira pa kachilumba ka Ulva, kamene adali atakachotsa makoswe, ndipo kumeneko zidaswana ndi kuchuluka.