Minda ya M'mudzi wa Lusaka: Nchito za Malimwe ndi Dzinja

Pamene njanji yocokera ku Livingstone inafika pa Lusaka m'caka ca 1905, panalibe cokondweretsa maso. Malowa anali cidikha ca miyala ya laimu, ca mphepo ndi fumbi m'malimwe, ndipo m'dzinja madzi anali kungoima posowa kolowera. Dzina linacokera kwa nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wace unali pafupi ndi Manda Hill. Dzina la Kamwala nalonso litikumbutsa miyala yomweyo, imene munthu wolima pakhomo amakumana nayo khasu lisanalowe patali.

M'caka ca 1931 Boma linaitana Professor Stanley Adshead wa ku London kuti ajambule mudzi watsopano, ndipo mu May 1935 likulu la dziko linasamuka kucoka ku Livingstone. Nzeru imene anatsata inali ya Ebenezer Howard, Mngelezi amene analemba m'caka ca 1898 kuti anthu a m'tauni ayenera kukhala pakati pa mitengo ndi minda, osati mothinana mu utsi. Midzi ya Letchworth ndi Welwyn ku Mangalande inamangidwa potsata mau ace, ndipo Lusaka anapatsidwa dzina lakuti Garden City, ndiko kunena mudzi wa minda.

Koma kujambula mtengo pa pepala nkwina, kuumeretsa pa thanthwe nkwinanso. Jakaranda amene amacita maluwa mu September ndi October kwao nku South America. Flamboyant wa maluwa ofiira ngati moto, amene amatsata pambuyo pace, anacokera ku Madagascar. Mbawa ndiye wathu. Mtengo uli wonse wa m'mbali mwa mseu unafuna dzenje lokumbidwa ndi piki mvula isanagwe, dothi labwino ndi manyowa, cikhomo coumangirirapo kuti mphepo isaukhotetse, ndi munthu wouthirira malimwe awiri kapena atatu kufikira mizu itapeza cinyontho. Ciswe cikaudya, anali kubzala wina. M'mabuku tipezamo maina a ojambula ndi a Bwanamkubwa, koma amene ananyamula madziwo sanalembedwe.

Nyengo yotentha Azungu amaiwerenga imodzi, koma ife timaigawa pawiri: malimwe, pamene dzuwa liphwanya mutu mu October, ndi dzinja, loyamba mu November kufikira March kapena April. Mvula ya Lusaka imakwana ngati mamilimita 800 pa caka, ndipo pafupi-fupi yonse imagwa m'miyezi imeneyi. Cotero nchito ya wosunga maluwa ku Ridgeway, ndi pambuyo pace ku Woodlands ndi Kabulonga, kumene bwalo la nyumba imodzi linali kufika ekala yathunthu, inali mitundu iwiri. M'malimwe anali kulawira kuthirira dzuwa lisanakwere, kuphimbira mabedi ndi udzu wouma, kusesa maluwa a jakaranda oyoyoka, ndi kuthiriranso madzulo. Madzi anali ocokera m'zitsime zobowola pa thanthwe, pakuti mipope ya ku Kafue inafika ca m'ma 1970. Mvula itagwa, keni anali kuipacika natenga cikwakwa. Kapinga amene anafuna kufa dzulo tsopano afuna kumeta sabata ndi sabata. Mpanda ufuna kudulira. Dawe ndi cisoso zimera usiku umodzi. Ngalande zifuna kufukula kuti madzi asalowe m'khonde. Munthu wogwira zonsezi, ngakhale wa imvi ndi adzukulu, anali kuitanidwa dzina la mnyamata, ndipo ambiri a iwo anadziwa dothi la Lusaka koposa adona amene anali kuwalamulira.

Tsono tiyeni titsike ku Kamwala ndi Kabwata, kumene Boma linamanga nyumba za anthu akuda ogwira nchito. Ku Kabwata zinali nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, zoyenera mwamuna wosakwatira. Zowerengeka zinasungidwa ndipo ndizo Kabwata Cultural Village. Nyumba inali ya nchito: nchito ikatha, nyumbanso yatha. Ndani angabzale mango pa khomo limene adzacokapo mango asanabale? Cifukwa ca ici anthu anayamba ndi mbeu zofulumira. Lamulo la 1948 litalamula kuti pakhale nyumba za mabanja, ndipo Chilenje ndi Matero atakula, akazi anaculuka m'tauni nabweretsa mbeu za kumudzi zomangidwa m'kansalu.

Kadimba ka kuseri kwa nyumba kanali ka repu, matimati, anyezi ndi impwa, kothiriridwa ndi madzi a ku mpope wa onse, kapena otsukira mbale. Koma munda weni-weni unali wa dzinja, pa malo opanda nyumba, m'mbali mwa njanji ndi m'madambo. Mu October anali kugalauza ndi kuunga mizere. Mvula yoyamba ikalowa pansi anali kubzala cimanga, maungu pakati pace, nyemba ndi nsawawa, ndi mbatata kumapeto. December ndi January ndi miyezi ya kupalira ndi kubandira. Amuna anali kugwira khasu atawerukako ku ofesi ndi pa Loweruka, koma akazi ndi ana ndiwo anali eni munda. Ndiwo zinali kuyamba msanga: cibwabwa, cimene a ku Malawi amati nkhwani, kalembula, therere, ndi bondwe womera yekha. Pa banja la mesenjala kapena kalaliki wamng'ono, ndiwo zimenezi ndizo zinali kufikitsa malipiro kumapeto a mwezi.

Apa mpamene panabuka mkangano wa zaka zambiri. M'caka ca 1944 panaikidwa lamulo lothetsa udzudzu, lolamula kuti maudzu ndi zonse zosunga madzi zicotsedwe pafupi ndi nyumba. Akulu a tauni anakhulupirira kuti udzudzu umaswana m'madzi otsalira m'makhwapa a masamba a cimanga, ndipo anchito a khonsolo anali kutumidwa ndi zikwakwa kukagwetsa minda, nthawi zina cimanga citamasula kale ngaiyaye. Kuopa malungo sikunali kupusa ai, pakuti malungo anapha anthu ambiri. Koma m'caka ca 1978 Watts ndi Bransby-Williams anafufuza cimanga ca mu Lusaka, nalemba mu Medical Journal of Zambia kuti sanapezemo mphutsi za udzudzu. Udzudzu wa malungo umaswana m'zithaphwi zoombedwa ndi dzuwa, zonga zija za m'maenje okumbamo miyala. Ine ndiona kuti cimanga cinalakwa cinthu cimodzi cokha: sicinali pa pepala la Adshead. Munthu mmodzi yemweyo anali kulipidwa pothirira maluwa a bwana m'mawa, ndi kudzudzulidwa polima cakudya ca ana ace madzulo.

Ufulu wa 1964 sunacotse zikwakwazo msanga. Cinasintha mitima ndi njala ya ndalama: mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975 ndipo zakudya zitakwera, President Kaunda mwini wace analimbikitsa anthu a m'matauni kuti azilima. Bishwapriya Sanyal, amene anafunsa mabanja osauka a mu Lusaka mu 1980, anapeza kuti oposa theka anali ndi dimba kapena munda. Komboni ya Garden inatenga dzina lace ku madimba a ndiwo olimidwa pafupi ndi madzi otayidwa a ku Manchinchi. Ku Chilanga kuli munda wa mitengo ndi maluwa umene Ralph Sander anayamba m'zaka za m'ma 1950, naupatsa dzina la Cinyanja lakuti Munda Wanga.

M'caka ca 1996 Boma la President Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo. Anthu a ku Kamwala, Kabwata ndi Chelstone anakhala eni malo, omasuka kubzala mango, mapeyala ndi mapapaya monga afuna. Koma ambiri anaona kuti cipinda ca lendi cibala mwezi ndi mwezi, osayembekeza mvula, ndipo pamene panali kadimba anamangapo. Otsala amabzala repu ndi anyezi m'matumba ndi m'matayala akale m'mbali mwa khoma, ndipo cimanga ca dzinja cinasunthira kunja, ku njira za ku Chongwe ndi Kafue.