Makhadi a m'sutikesi ya agogo

Anzanga a kalabu, mwezi watha tinkakonza m'nyumba ya agogo, ndiye m'sutikesi yawo yachitsulo tinapezamo mapositikhadi asanu omangidwa ndi kansalu. Ambirife sitinagwirepo chinthu chotere. Ndi kakhadi kolimba, kutsogolo chithunzi, kumbuyo malo a uthenga, adiresi ndi sitampu. Kankayenda pa positi popanda envulopu, choncho aliyense woinyamula ankatha kuwerenga. N'chifukwa chake anthu ankangolembapo moni ndi za ulendo basi.

Mukapeza khadi yotere kwanu, yambani mwayang'ana sitampu, chifukwa ndi imene imaulula zaka. Ikalembedwa British Central Africa, ndi yakale zedi, paja dzina la Nyasaland linabwera mu 1907. Ikalembedwa Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi, ndi ya nthawi ya Chitaganya, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Dzina la Malawi ndi la kuyambira 1964, pomwe kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971. Chidindo cha positi ofesi nachonso chimathandiza: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji.

Pa makhadi a agogo pali phiri la Mulanje, gombe la nyanja, msewu wa mu Zomba, Mandala House ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre. Mandala House inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo mpaka pano ilipo. Tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire zojambula mapulani a nyumba. Njerwa zake zinaumbidwa ndi kuwotchedwa ndi anthu akuno. Koma tembenuzani khadi, mayina a oumba njerwawo mulibemo. Ojambula ankasankha zoti zikakomere abale a azungu ku Ulaya, ndipo munthu wakuda akaoneka pachithunzi, kawirikawiri ankangomutcha "native".

Mwa makhadi asanuwa, wa Lilongwe palibe ngakhale mmodzi. Sizodabwitsa. Likulu linali ku Zomba mpaka 1975, ndipo kuno kunali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, komwe lero timati Old Town. City Centre ndi Capital Hill ndi za m'ma 1970. Agogo akamanena kuti pakuti panali tchire, pakuti panali sitolo ya mmwenye, ndimangomvera, poti chithunzi choti ndione tilibe.

Musamati zakale zonse zinasungidwa ku boma. Mu 1919 moto unawotcha maofesi a boma ku Zomba ndipo zikalata zambiri zinapsera momwemo. Zotsala zili ku National Archives ku Zombako komanso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Zina zili m'masutikesi a m'nyumba zathu, momwe chiswe ndi chinyezi zikuzidya.

Ife mafoni tili nawo, koma taganizani: raundabauti ya ku Area 18 ija inachoka, mitengo ya m'mbali mwa Kenyatta Drive inadulidwa pokulitsa msewu. Ndani mwa inu ali ndi chithunzi chake? Changa chinapita ndi foni imene inabedwa mu minibasi. Kakhadi ka agogo kakhala zaka zoposa 60, chithunzi changa sichinathe ngakhale zaka zitatu.

Pempho langa ndi ili. Funsani makolo ngati ali ndi makhadi kapena zithunzi zakale. Musamatule sitampu, musapake guluu, ingojambulani mbali zonse ziwiri. Ndipo Loweruka lina tinyamuke kuno ku Area 9 wapansi, tikajambule mlatho wa Lilongwe, msika ndi masitolo a ku Malangalanga. Tikapemphe kaye chilolezo kwa amene tikuwajambula, tisindikize zithunzizo, kumbuyo tilembe tsiku, malo ndi dzina la munthuyo.