Yankho la seva

Yankho la seva ndi uthenga umene seva, kompyuta yosunga masamba ndi mafayilo, imabweza kwa foni kapena kompyuta imene yapempha kanthu, yotchedwa client. Pa masamba a intaneti seva siyamba kulankhula. Imadikira pa port 80 kapena 443 mpaka wina aifunse. Mwachitsanzo, wophunzira wa pa University of Malawi ku Zomba akatsegula tsamba la sukuluyi pafoni, foniyo ndiyo client, ndipo zonse zooneka pagalasi ndi yankho.

Zigawo zake

Mayankhowa amatsata HTTP, dongosolo limene Tim Berners-Lee anayambitsa ku CERN pakati pa 1989 ndi 1991. Mu HTTP/1.1 ya 1997, mzere woyamba umakhala ndi nambala yonena mmene pempho layendera: 200 zatheka, 404 chofunidwacho palibe, 500 pulogalamu ya seva yalakwitsa, 503 seva yalemedwa kapena ikukonzedwa. Pamatsatira mizere yofotokoza mtundu wa zotumizidwazo ndi kukula kwake, kenako mzere wopanda kanthu, kenako tsamba lenilenilo.

Katumizidwe

Client aliyense akalumikizana, seva imamupatsa socket yakeyake, kotero yankho la wina silipita kwa mnzake. Pano ndi pomwe ongoyamba kumene amapunthwa. Lamulo la send() silimatumiza zonse nthawi imodzi masiku onse. Limanena ma byte amene latenga, ndipo otsalawo ayenera kutumizidwanso. TCP nayo imayendetsa ma byte ngati madzi a mumpopi, osaonetsa pothera uthenga. Nchifukwa chake seva imalemba Content-Length, kuti client adziwe poleka kuwerenga.

Yankho likasowa

Kusafika kwa yankho sikutanthauza kuti ntchito sinachitike. Munthu wogula mayunitsi a magetsi pafoni ali pamsewu wokwera phiri la Zomba akhoza kutaya netiweki seva itadula kale ndalama, manambala 20 aja asanamufike. Akayesanso, alipira kawiri. Pofuna kupewa zimenezi, mapulogalamu olembedwa bwino amapatsa pempho lililonse nambala yakeyake. Seva ikaona nambala imene inaiona kale, siidulanso ndalama, imangobweza yankho loyamba lija.