Levy Mwanawasa: Loya Amene Anakana Kuteteza Womuika pa Mpando

M'zaka 50 zimene tikukumbukira m'kabuku kano, dziko lathu la Zambia lasintha atsogoleri kangapo. Akuluakulu pakati pathu anawaona onse. Koma acinyamata ambiri dzina la Levy Mwanawasa amalidziwira pa bwalo la mpira la ku Ndola, kapena pa cipatala cimene cili m'mbali mwa msewu wa Great East mu Lusaka. Tiyeni tiwauze kuti munthuyu anali ndani, ndiponso cimene anacita pamene lamulo linafuna cina, ubwenzi nufuna cina.

A Levy Patrick Mwanawasa anabadwira ku Mufulira pa 3 Seputembala 1948, ndipo anali waciwiri m'banja la ana 10. Anaphunzira pa sukulu ya sekondale ya Chiwala kufupi ndi Ndola, kenaka anapita ku University of Zambia kukaphunzira za malamulo. Anayamba agwira nchito m'maofesi a maloya ena, ndipo mu 1978 anatsegula ofesi yaoyao yochedwa Mwanawasa and Company. Mu 1985 boma la a Kenneth Kaunda linawapatsa udindo wa Solicitor General, ndiye kuti mmodzi wa maloya akulu a boma, koma caka cotsatira anabwerera ku ofesi yao.

Masiku amenewo dziko linali ndi cipani cimodzi cokha, UNIP. Mu 1989 a Christon Tembo, amene kale anali mkulu wa asilikali, anali pa mlandu wofuna kugwetsa boma, mlandu umene cilango cake cinali imfa. Kuimirira munthu wotere m'khoti kunali kudziika pa maso a boma. A Mwanawasa anatsogolera maloya oimira a Tembo, ndipo dzina lao linamveka m'dziko lonse. Pamene gulu la MMD linayamba mu 1990 kufuna kuti zipani zikhale zambiri, iwo anali pakati pa atsogoleri ake. Pa masankho a pa 31 Okutobala 1991 a Frederick Chiluba anapambana a Kaunda. A Mwanawasa anasankhidwa kuimira dera la Chifubu ku Nyumba ya Malamulo, nakhala waciwiri kwa Pulezidenti.

Patangopita milungu yocepa, pa 8 Disembala 1991, galimoto yao inacita ngozi yoopsa. Wothandizira wao anafa, ndipo iwo anagona m'cipatala ku Johannesburg kwa miyezi itatu. Anabwera amoyo, koma kalankhulidwe kao sikanabwerere mwakale. Pambuyo pake otsutsana nao anagwiritsa nchito cilema cimeneci powanyoza ndi dzina lakuti “kabichi”. Ena a ife tinaseka nao. Ndi bwino kukumbukira zimenezo ndi manyazi.

Mu Julayi 1994 anacita cinthu cosazolowereka: anatula pansi udindo wa waciwiri kwa Pulezidenti popanda wowacotsa. Ananena poyera kuti katangale wakula m'boma ndiponso kuti mau ao sakumvedwa. Kenaka anapikisana ndi a Chiluba pa utsogoleri wa cipani, koma analephera, nabwerera ku nchito ya uloya. Ambiri anayesa kuti nkhani yao m'ndale yathera pomwepo.

Mu 2001 panamveka kuti a Chiluba afuna kusintha malamulo a dziko kuti aimenso kacitatu. Bungwe la maloya, mabungwe atatu akulu a mipingo ndi bungwe la magulu a azimai anagwirizana m'gulu la Oasis Forum kukana zimenezi. Anthu anavala tinsalu tobiriwira pacifuwa, madalaivala naliza mahutala m'misewu. A Chiluba anagonja, ndipo cipani ca MMD, iwo ali kutsogolo, cinasankha a Mwanawasa kuti aime. Pa masankho a pa 27 Disembala 2001 anapeza mavoti pafupifupi 29 pa 100 aliwonse, a Anderson Mazoka a UPND napeza 27. Pakati pa ena amene anapikisana nao panali a Christon Tembo omwe aja. Otsutsa anadandaula kuti masankho sanayende bwino, ndipo mlandu unakhala m'Khoti Lalikulu kufikira mu 2005 pamene oweruza anaukana.

Motero pa 2 Januwale 2002 analumbira munthu amene anthu 7 pa 10 aliwonse sanamuvotere, amenenso ambiri anati adzangokhala mlonda wa cuma ca womuika pa mpando. Zinali zapafupi kutero. Cipani cinali m'manja mwa anthu a Chiluba, ndipo pa mwambo wathu munthu amene wakukweza sumutembenukira.

Mu Julayi 2002 a Mwanawasa anaima m'Nyumba ya Malamulo monga loya aima pamaso pa woweruza. Anafotokoza za ndalama za boma zimene zinasowa m'zaka 10 zapitazo, napempha aphungu kuti acotse citetezo cimene lamulo limapatsa mtsogoleri wakale. Aphungu anavomera. Boma linakhazikitsa gulu lapadera lofufuza za katangale, ndipo kwa nthawi yoyamba mtsogoleri wakale wa Zambia anakhala m'khoti kuyankha za ndalama za anthu. Akale anati mlandu suola. Mu Meyi 2007 khoti la ku London linagamula kuti a Chiluba ndi ena anapatutsa ndalama zokwana madola 46 miliyoni a ku America.

Uloya wao unaonekeranso pa nkhani ya cilango ca imfa. Asilikali amene anafuna kulanda boma mu Okutobala 1997 anaweruzidwa kuti anyongedwe. Mu Febuluwale 2004 a Mwanawasa anasintha cilango ca asilikali 44 kuti cikhale ndende, ndipo m'nthawi yonse ya utsogoleri wao sanasaine cikalata conyongera munthu.

M'nthawi yao malipiro a sukulu kuyambira Giredi 1 kufikira 7 anacotsedwa mu 2002. Mu Epulo 2005 Zambia inakwaniritsa zofunika kuti nkhongole zake zambiri zakunja zikhululukidwe, ndipo mu 2006 malipiro a m'zipatala za kumidzi anacotsedwa. Mtengo wa kopa pa msika wa dziko lonse unakweranso, ndipo zimenezi zinawathandiza kwambiri. Komabe umphawi sunacoke pakhomo. Mu Januwale 2005 iwo eni anapepesa kwa mtundu wonse kuti alephera kuuthetsa. Analinso munthu wa mtima wapacala, wosakonda kusekedwa. Mu 2004 boma lao linalamula kuti wolemba nkhani zoseketsa, a Roy Clarke, athamangitsidwe m'dziko. Khoti linakana lamulolo, ndipo a Clarke anakhala.

Mu 2005, ali pa mpando, anabatizidwa pa mpingo wa Twin Palm Baptist mu Lusaka. Mu 2006 anadwala sitiroko yaing'ono, koma anacira napambananso masankho a caka comweco. Pa 29 Juni 2008, ali ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt ku msonkhano wa atsogoleri a mu Africa, sitiroko inawagwiranso. Anamwalira pa 19 Ogasiti 2008 m'cipatala ca asilikali ca Percy kufupi ndi Paris, nakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia kumwalira ali pa udindo. Anaikidwa pa Embassy Park mu Lusaka pa 3 Seputembala, tsiku limene akanakwanitsa zaka 60.

Nkhondo imene anayamba sinathe monga anafunira. Mu Ogasiti 2009 khoti la mu Lusaka linapeza a Chiluba opanda mlandu wakuba, ndipo caka comweco gulu lofufuza katangale lija linathetsedwa. Mu 2010 khoti linakananso kuti cigamulo ca ku London cigwire nchito m'dziko muno. Ena amati a Mwanawasa anasankha owazenga mlandu, nasiya ena amene anali pafupi nao. Ena amati popanda iwo nkhaniyo sikanafika n'komwe m'khoti.

Cimene sicikanika ndi ici: kuyambira mu Julayi 2002, aliyense wokhala ku State House adziwa kuti citetezo cake cingathe kucotsedwa. Zinacitikanso mu 2013 kwa a Rupiah Banda, amene pambuyo pake khoti linawamasula. Khomo limeneli analitsegula munthu amene anali ndi zifukwa zambiri zolisiya lotseka. Ife amene timasunga ndalama za ena, kaya ku nchito, ku kopaletivu, kapena m'komiti ya maliro, tidziwa kulemera kwake kwa kufunsa risiti kwa munthu amene anatithandiza. Ana athu akadzafunsa za dzina lili pa bwalo la ku Ndola, tiyambire pamenepo.