Kuchokera pa Mtengo wa Akapolo Kufikira ku Makeni

Anthu a ku migodi audziwa bwino mtengo wakale uja wa m'mzinda wa Ndola, umene autcha Mtengo wa Akapolo. Pamthunzi pake ndi pamene amalonda a Chiswahili ankakumana kukambirana za anthu ogwidwa, asanawatengere kunyanja. Pamene Boma la Azungu linatseka njira zimenezo, ambiri anayesa kuti malonda ogulitsa anthu afa. Goli linachokadi pakhosi, koma malondawo anatsala.

Wogula anthu wa masiku ano sabwera ndi mfuti. Afika pamudzi atavala bwino, nalonjeza makolo kuti mwana wao akaphunzira sukulu ku Lusaka. Tsono mtsikanayo apezeka m'nyumba ya mpanda ku Woodlands kapena ku Kabulonga, akuchapa ndi kulera ana kuyambira mbandakucha, wopanda malipiro, ndipo njira ya kwao saidziwa. Mlandu wotere uvuta, pakuti kawirikawiri womutengayo ndi mbale wake.

Apolisi anayamba ndi kukhazikitsa nthambi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit, m'chaka cha 1994. Koma lamulo lenileni linachedwa. Linafika mu 2008, ndipo linati wogulitsa munthu akhale m'ndende zaka zosachepera 20. Linalamulanso Boma kumanga nyumba zosungiramo opulumutsidwa ndi kupatula thumba la ndalama lowathandiza. Kulemba lamulo nkwapafupi; nyumbazo zinakhala zowerengeka.

Vuto lalikulu linaoneka pa alendo. Anyamata a ku Ethiopia, ofuna nchito ku South Africa, ankalowa pa Nakonde atapanikizidwa m'malole otseka. Akagwidwa, ambiri ankaweruzidwa monga olowa m'dziko opanda chilolezo, nalowa m'ndende iwowo, pamene eni malondawo ali phee kwao. Apa mpamene chilungamo chinkatsimphina.

Chaka cha 2022 sichidzaiwalika. Mu Okotobala anafukula manda a anthu ambiri m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, m'Malawi. Pa 11 Disembala anthu a ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka, anadzuka napeza mitembo 27 itataidwa pambali pa mseu. Mmodzi anali akupumabe, ndipo anathamangira naye kuchipatala. M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakonzanso lamulo la 2008, nikhazikitsa nthambi yapadera yolimbana ndi malondawa, pansi pa unduna woona za m'dziko.

Ku Makeni, kumwera chakumadzulo kwa mzinda, kuli malo olandirira othawa kwao, amene Boma liyendetsa mothandizana ndi bungwe la UNHCR. Mlendo wopempha chitetezo apeza pogona ndi chakudya kumeneko podikira kuti nkhani yake imveke, ndipo ena amapitirira ku misasa ya Meheba ndi Mayukwayukwa. Koma kuti afike ku Makeni osati kundende, zitengera wapolisi woyamba kumufunsa pamseu, ndiponso ngati papezeka womasulira chinenero chake.