Sukulu ya ku Khondowe ndi ndalama za Overtoun

Abale, sabata yatha titakhala pansi kukambirana, mnzathu wina anafunsa kuti: bwanji kuyambira kalekale amisiri a kwathu luso lawo amakalionetsera kunja? Funsoli linandikumbutsa mbiri ya sukulu ina ya kumpoto kwa Malawi, ndiye ndati ndiilembe kuti tidzaikambe bwino tikadzakumananso.

Amishoni a ku Scotland anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875. Malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka mu 1894 Dr Robert Laws anakwera phiri la Khondowe, komwe lero timati ku Livingstonia. Kumeneko anatsegula sukulu yotchedwa Overtoun Institution. Maganizo ake anali ofanana ndi a sukulu ya Lovedale ya konkuno ku Eastern Cape: mwana aphunzire za m'buku, komanso manja ake adziwe ntchito. Anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku, za makina, za ulimi ndi kutumiza mauthenga pa lamya. Ena ankaphunzira uphunzitsi, ubusa ndi za chipatala. Pofika 1905 paphiripo panali madzi a m'mipope ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, pomwe midzi yozungulira inkaunikira moto wa nkhuni.

Nanga ndalama zake zinkachokera kuti? Gawo lalikulu linkachokera kwa munthu wolemera, John Campbell White, amene ankatchedwa Lord Overtoun. Mkuluyu anali ndi fakitale ya mankhwala ku Shawfield, pafupi ndi Glasgow, komwe ankaphika miyala ya chrome. Ine ndimagwira mu mgodi wa chrome kuno ku Rustenburg, ndiye nditamva izi ndinatchera khutu. Mu 1899 mtsogoleri wa anthu apantchito, Keir Hardie, anaulula mmene zinthu zinalili mufakitalemo. Anthu ankagwira maola 12 pa tsiku, masiku 7 pa sabata, opanda nthawi yopuma kuti adye. Fumbi la mankhwalawo linkawatulutsa zilonda ndi kuboola chichereŵechereŵe cha m'mphuno. Chonsecho bwana wawoyo ankadziwika ndi kulimbikitsa anthu kusunga Sabata.

Choncho tikamati sukulu ija inamangidwa ndi thandizo la mzungu wachifundo, tisaiwale kuti kumbuyo kwa chifundocho kunali thukuta la antchito anzathu amene maina awo sanalembedwe pakhoma lililonse.

Sindikunena kuti sukuluyo inali yopanda phindu, ayi. Inatulutsa amisiri ndi makalaliki odalirika. Vuto linali lakuti kumpoto kwa Nyasaland kunalibe mafakitale kapena migodi yoti iwalembe. Munthu wadziwa kusindikiza mabuku, koma kwawo ku Usisya akasindikizira yani? Msonkho wa nyumba nawo unkafuna ndalama. Ndiye ambiri ananyamuka, ena ku Katanga, ena ku Rhodesia, ena kuno ku Joni. Ena sanabwererenso, n'kusanduka matchona. Sukulu inkasula, koma odyerera anali mabwana a kunja.

Komabe panatuluka china chimene eni ndalama sanachiyembekezere. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia mu 1913. Anaphunzitsa kanthawi kochepa, n'kulowera kumwera. Anagwirako ukalaliki pa migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo mu 1918 anafika ku Cape Town. Mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho antchito a padoko ananyanyala ntchito. Pofika 1927 bungweli linkati lili ndi mamembala pafupifupi 100,000. Tangoganizani: ndalama zofinyidwa kwa antchito a ku Glasgow zinathandiza kuphunzitsa munthu amene anadzutsa antchito a kuno kumwera. Kadalie anamwalira ku East London mu 1951, kutali ndi kwawo ngati matchona ena onse.

Lord Overtoun anamwalira mu 1908, Dr Laws anachoka ku Khondowe mu 1927 loto lake la yunivesite lisanatheke. Yunivesite ya Livingstonia inadzatsegulidwa mu 2003 ndi sinodi ya CCAP ya Livingstonia.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa mwezi ndi mwezi ndimatumiza fizi ya mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira zowotcherera pa sukulu ina yakumudzi yothandizidwa ndi mabungwe akunja. Ulendo wapitawu pafoni anandifunsa kuti, "Malume, ndikamaliza mudzandipezera malo kumeneko?" Ndinasowa chomuyankha. Zaka zoposa 100 zadutsa, koma funso la mwana wamanja aluso likadali lomwe lija.

Tikadzakumana Lamlungu likubwerali, aliyense abwere ataganiza: kodi ife amene tili ndi kangachepe ka kuno sitingasonkherane n'kugulira ana oterewa makina ndi zipangizo, kuti ayambe ntchito kwawo konko? Amene agogo awo anaphunzira ku Khondowe, chonde mudzatifotokozere zomwe munamva kunyumba.