FUNSO LA PA MPATA WA FORT LISTER

Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, pali mpata waukulu umene anthu akhala akudzerapo kuyambira kalekale. Pa mpata umenewu ndi pamene pali mabwinja a linga la Fort Lister. Nkhani ya lero, okondedwa omvera, ikuchokera pa mabwinja amenewa, ndipo ndi ya funso limene limamveka m'basi, pamsika ndi pachinkhoswe pomwe: "Kodi inu ndinu a mtundu wanji?" Ena amati funso limeneli ndi lamwano, ena amati ndi malonje chabe. Kodi nkoyenera kulifunsa?

Linga la Fort Lister lidamangidwa m'chaka cha 1893, m'masiku a Harry Johnston, pofuna kutseka njira imene akapolo ankadzera popita kunyanja yamchere cha ku Quelimane. Dzinali lidachokera kwa Sir Villiers Lister, mkulu wina wa boma la ku London. Malonda a anthu m'dera limeneli adali m'manja mwa mafumu ena a Chiyao monga Matipwiri, amene adagonja m'chaka cha 1895. M'gulu la nkhondo la Johnston mudali Asikh ochokera ku India, Amakuwa ochokera ku Mozambique ndiponso Atonga a kunyanja. Motero ngakhale pa chiyambi pomwe, mitundu yambiri idakumana pa mpata umodzi.

M'masiku a ukapolo, kudziwika kwanu idali nkhani ya moyo ndi imfa. Munthu wokhala ndi abale pafupi adali ndi omuwombola, koma mlendo wopanda mwini ankagulitsidwa msanga. Wapaulendo akafunsidwa kumene akuchokera, ankayamba waganiza kawiri asanayankhe.

Ukapolo utatha, mpatawo sudakhale duu. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, magulu a anthu adayamba kulowa m'dziko muno kudzera ku Mulanje ndi Phalombe kuchokera ku Mozambique, kuthawa njala, misonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Anthuwa adali ndi maina awoawo: Amihavani, Akokhola, Amanyawa, Atakhwani ndi ena otero. Koma boma la atsamunda ndi eni nthaka amene adawapeza adangowaunjika onse pa dzina limodzi lakuti Anguru. Kalembera wa mu 1921 adapeza anthu otere oposa 120,000, ndipo pofika 1945 chiwerengerocho chidafika pafupifupi 380,000.

Popeza ambiri adalibe malo awoawo, adakakhala m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, kumene ankalipira malowo ndi thukuta la thangata. Tiyi ndi fodya wa Nyasaland zidakula ndi manja awo, komabe dzina lija lidasanduka chitonzo. Ankawanena kuti ndi otsalira, ankawaseka pa zakudya ndi pa kayankhulidwe. Apa ndi pamene funso lathu lidasanduka mkondo. Wofunsa uja sankafuna kudziwa kanthu; ankafuna kupeza poyambira kunyoza, kapena poyezera kuti munthuyo apatsidwe ntchito iti. Nchifukwa chake ambiri adayamba kuyankha kuti ndi Anyanja kapena Ayao, ndipo ana awo ankawayankhula Chinyanja chokhachokha kuti asamasekedwe kusukulu.

Munthu amene adakana kubisala adali Lewis Mataka Bandawe. Iyeyu adabadwira ku Mozambique, adaphunzira ku mishoni ya Blantyre, ndipo adagwira ntchito zaka zambiri pa mishoni ya Mihecani kwawo komweko, kumene adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Atabwerera ku Blantyre adakhala womasulira pa bwalo lalikulu la milandu. M'chaka cha 1943 adatsogolera kukhazikitsa bungwe loimira Alomwe, ndipo pempho lawo lalikulu lidali lakuti boma lileke kuwatchula dzina lachipongwe lija. Boma lidavomera, nkuyamba kulemba kuti Alomwe. Onani, omvera, kuti Bandawe sadapemphe kuti anthu aleke kufunsa za mtundu. Iye adapempha kuti yankho lizichokera kwa mwini wake, ndipo wofunsa azililandira ndi ulemu.

Ena angati njira yabwino ndi kungokhala chete, pakuti Amalaŵi onse ndi amodzi. Mawuwo ali ndi nzeru yake, ndipo mtendere wa dziko lino wadalira kwambiri kusaonana mitundu. Koma mbiri ya Alomwe ikusonyeza kuti kukhala chete nakonso kuli ndi mtengo wake. Pa kalembera wa mu 2018, Alomwe adapezeka kuti ndi achiwiri pa kuchuluka m'Malaŵi, pafupifupi anthu 19 pa 100 alionse, koma oyankhula Chilomwe tsiku ndi tsiku ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero chimenecho. Adzukulu ambiri adaopa kufunsa, agogo nawo adaopa kuyankha, mpaka nkhalamba zidapita kumanda ndi maina a mitsinje ndi mapiri akwawo. Bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene lidachita mwambo wake woyamba pa Chonde ku Mulanje m'chaka cha 2008, lidabadwa pofuna kutolera zimene zidatayika m'zaka za manyazi zija. Akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.

Makolo adali nayo kale njira yofunsira. Mlendo akafika pamudzi ankayamba wapatsidwa mpando ndi madzi, kenaka ndi pamene ankafunsidwa malonje. Ankafunsidwanso mfunda wake, osati kuti amusale, koma kuti apeze ubale: ngati ndi Phiri kapena Banda, amutche malume, msuweni kapena mlamu. Funso lotere limatsegula chitseko. Koma funso lomwelo likafunsidwa kwa munthu wofuna ntchito, kwa wodwala pa mzere wa kuchipatala, kapena pa nthawi ya zisankho pofuna kudziwa mbali imene munthu ali, limakhala lofanana ndi lija la m'masiku a thangata.

Choncho funsolo pa lokha si tchimo. Woyenera kudzifunsa ndi wofunsayo: kodi yankho ndikalitenga ndikachita nalo chiyani? Afunse pa nthawi yake, atchule anthu ndi dzina limene eni ake amadzitcha, ndipo ngati mnzake safuna kuyankha, asamukakamize. Linga la Fort Lister lidagwira ntchito zaka pafupifupi 10 zokha, ndipo lero ndi malo osungidwa ndi boma monga chikumbutso. Makoma ake adagwa, koma mpata uja udakalipo, ndipo zidzukulu za amene adadzerapo ali ndi mitolo pamutu zikulima m'munsi mwake. Wofuna kumva mbiri yawo apite ndi ulemu, akhale pansi, apereke moni, kenaka afunse.